Khansa imene imayamba ngati dzino logwedera

Mwana wa zaka 5 kapena 6 akayamba kugwedera dzino, palibe amene amadabwa. Ndiyo misinkhu yake yochotsa mano oyamba. Tsaya likatupa timakamba kuti ndi dzino lobooka, tigula Panado pa kantemba, ululu ukapitirira tipita naye kukazula. Nthawi zambiri timakhala kuti talondola, ndi dzino chabe. Koma pali khansa ina imene imayamba mwa njira yomweyi, ndipo mbiri ya mmene madokotala anaidziwira inadutsa m'dziko lathu lino. Ku Ulaya ndi matenda osowa, dokotala angapume pa nchito asanaone ngakhale mwana mmodzi wodwala. M'madera otentha a mu Africa ndiyo inapezeka kuti ndi khansa yofala koposa pakati pa ana. Dzina lake ndi Burkitt lymphoma.

Denis Burkitt anali dokotala wa opaleshoni wochokera ku Enniskillen, ku Ireland. Anabadwa mu 1911. Ali ndi zaka 11 anataya diso la kumanja pa ngozi, ndipo chifukwa cha diso limenelo boma la atsamunda poyamba linamukana nchito. Anafika ku Uganda mu 1946, ndipo patapita zaka ziwiri anayamba kusewenza pa chipatala cha Mulago mu Kampala. Sanali munthu wa kafukufuku. Nchito yake inali ya tsiku ndi tsiku, kung'amba, kusoka, kudula miyendo yoola ndi kupangira anthu miyendo yoyendera yotchipa.

Mu 1957 mnzake wina, Hugh Trowell, anamuitana kuti akaone mnyamata wa zaka 5. Mwanayo anali atatupa nsagwada mbali zonse zinayi, kumwamba ndi kunsi, kumanja ndi kumanzere, ndipo mano anali kugwedera. Apa mpamene panali chodabwitsa. Khansa imayambira malo amodzi, kenaka nkufalikira. Mafinya a dzino nawonso amakhala mbali imodzi. Nanga ichi chotupa malo anayi nthawi imodzi nchiyani? Burkitt anajambula chithunzi, analemba m'buku lake, ndipo anachitenga ngati chinthu chimene munthu umaona kamodzi pa moyo. Patangopita masabata ochepa, ali pa chipatala cha ku Jinja, anaona mwana wina wotupa chimodzimodzi. Uyu anali ndi zotupa zina m'mimba.

Wachiwiriyu ndiye anamusowetsa tulo. Anabwerera ku Mulago nkuyamba kufufuza m'mafaelo akale, ndipo anapeza kuti ana otere anali kubwera kuyambira kale. Ngakhale Albert Cook, mmishonale amene anatsegula chipatala cha Mengo mu 1897, anali atalemba za zotupa za nsagwada mwa ana kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Matenda analipo, odwala anali kufika, madokotala anali kuwaona. Chimene chinasowa ndi munthu woika zidutswa pamodzi. Mwana wotupa nsagwada anali kulembedwa kuti ali ndi khansa ya fupa. Wotuluka diso anali kupita kwa a maso nkupatsidwa dzina lina. Wotupa m'mimba anali kuwerengedwa kuti ndi khansa ya impso. Matenda amodzi, maina atatu kapena anayi, malinga ndi khomo limene mayi analowera ndi mwana wake.

Mu 1958 Burkitt anafalitsa zimene anapeza pa ana 38 mu British Journal of Surgery. Anaitcha sarcoma, dzina limene silinali lolondola, ndipo anthu ochepa chabe ndiwo anasamala. Amene anakonza dzina ndi anzake a mu labu ku Makerere, Gregory O'Conor ndi Jack Davies. Iwo anaika tinyama ta zotupazo pa maikulosikopu nkuona kuti za m'nsagwada, za m'maso ndi za m'mimba zonse zinali zofanana, ndipo zinali zochokera ku maselo oyera a magazi amene amateteza thupi. Khansa yotere ndiyo imatchedwa lymphoma. Ikapakidwa utoto imaoneka mwa mtundu wakewake: maselo a khansa othinana, akuda bii, ndipo pakati pawo pali timadontho towala apa ndi apo. Timadonthoto ndi maselo ena amene akudya maselo akufa. A mu labu amati chimaoneka ngati thambo la usiku lodzala nyenyezi, ndipo mpaka lero ndi chimene amayang'ana.

Funso lotsatira linali lakuti matendawa ali kuti ndi kuti. Burkitt analandira ndalama za kafukufuku zokwana mapaundi 25 chabe. Anasindikiza timapepala tokhala ndi zithunzi za ana odwala, natumiza pa positi ku zipatala za boma ndi za mishoni mu Africa yense, ndi funso limodzi: kodi munaonapo zotere? Mayankho akabwera anali kubaya tinsingano pa mapu. Pang'onopang'ono panaoneka lamba wodutsa pakati pa Africa kuchokera kumadzulo mpaka kum'mawa, ndi mchira wotsikira kum'mwera m'mbali mwa nyanja ya mchere mpaka ku Mozambique.

Koma positi ili ndi malire. Mu October 1961 Burkitt ananyamuka ku Kampala ndi anzake awiri, Ted Williams wa chipatala cha mishoni cha Kuluva ndi Cliff Nelson wa ku Canada, m'motoka yakale ya Ford. Anayenda masabata 10, mtunda wa makilomita pafupifupi 16,000, nafika pa zipatala zoposa 50. Anadutsa ku Tanganyika, ku Northern Rhodesia kumene ndi kuno kwathu, ku Nyasaland, ku Mozambique, ku Southern Rhodesia, ku Swaziland mpaka ku South Africa. Analibe labu m'motokamo. Anali ndi buku la zithunzi. Akafika pa chipatala anali kulitsegula, kufunsa ngati anaonapo ana otere, ndipo chachikulu, kufunsa kuti anawo anachokera mudzi uti.

Funso lomalizali ndilo linabala zipatso. Chipatala chingakhale pa phiri koma odwala ake nkumachokera ku chigwa. Atalondola midzi anaona kuti pafupi ndi equator matendawa sanali kupezeka malo okwera kuposa mamita 1,500. Kuno kwathu ndi ku Nyasaland malirewo anatsika kufika pa mamita pafupifupi 900, ndipo odwala anali kuchokera m'zigwa za mitsinje ikuluikulu ndi m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Ku Swaziland anatsikanso kufika pa mamita 300. Mzere wa malirewo unali kutsika pamene iwo anali kupita kum'mwera. Alexander Haddow, katswiri wa tizilombo ku Entebbe, ndiye anaona tanthauzo lake: nkhani sinali ya mapiri, inali ya kuzizira. Kumene kumazizira kwambiri matendawa kulibe. Pambuyo pake, ku West Africa, anaonanso kuti kumene mvula ndi yochepera mamilimita 500 pa chaka nakonso ndi osowa. Kutentha ndi chinyezi. Aliyense amene anagonapo usiku umodzi wa mu January pafupi ndi Zambezi popanda neti akudziwa kale chimene chimakonda malo otere.

Livingstone yathu ili pa mamita pakati pa 900 ndi 1,000, pamzere penipeni pamene Burkitt anajambula. Zigwa za kumunsi kwa mathithi, kulowera ku Gwembe, zili pansi pa mzerewo.

Pali chinthu chimodzi chimene chimandiwawa ndikamawerenga za ulendo umenewu. Maina a azungu atatu aja ali m'mabuku onse, ngakhale mtundu wa motoka yawo timaudziwa. Koma pa zipatala za kumidzi za nthawi imeneyo, amene anali kulandira odwala pakhomo, kumasulira Chitonga, Chinsenga kapena Chibemba, ndi kulemba dzina la mudzi m'kaundula anali anesi ndi othandiza madokotala a kuno komwe. Popanda dzina la mudzi lolembedwa bwino, mapu aja sakanatheka. Anthu amenewo nkhaniyi siiwatchula.

Ulendowu usanachitike, pa 22 March 1961, Burkitt ali pa tchuthi anakamba za khansayi pa Middlesex Hospital mu London. Pakati pa omvera panali Anthony Epstein, amene anali kufufuza mavairasi oyambitsa khansa mu nkhuku. Atamva kuti pali khansa ya anthu imene imatsatira nyengo, anaganiza za vairasi yonyamulidwa ndi kachilombo koluma. Anagwirizana kuti tinyama ta zotupa tizitumizidwa pa ndeke kuchokera ku Kampala. Kwa zaka zoposa ziwiri sanapeze kanthu. Ndiyeno mu December 1963 ndeke ina inalephera kutera mu London chifukwa cha nkhungu, inakatera ku Manchester. Kabotolo kanafika mochedwa, madzi ake ali mbuu ngati aonongeka. Munthu wina akanataya. Epstein anaika dontho pa maikulosikopu nkupeza kuti sanali majeremusi, anali maselo a khansa amoyo amene anayoyoka ndi kugwedezeka kwa ulendo wautali. Anachokera m'nsagwada ya mtsikana wa zaka 9. Maselo oyandamawo anamera mu labu, chinthu chimene chinali kukanika kale, ndipo mu 1964 Epstein, Yvonne Barr ndi Bert Achong wa ku Trinidad analengeza mu The Lancet kuti aona vairasi yatsopano. Imeneyi ndiyo Epstein-Barr virus, vairasi yoyamba kupezeka kuti imakhudzana ndi khansa mwa anthu.

Koma nkhani inakhota. Vairasiyo inapezeka kuti siyenda ndi udzudzu. Imayenda m'malovu, ndipo pafupifupi munthu aliyense wamkulu pa dziko lapansi ali nayo, inu ndi ine tomwe, popanda kudwala. Nanga mapu aja? Yankho linali malungo. Mwana wa kuno amatenga vairasiyo akali wamng'ono kwambiri. Akamadwala malungo mobwerezabwereza, maselo oteteza thupi otchedwa B amakakamizika kuchulukana kosalekeza, pamene mphamvu ya thupi yoletsa vairasiyo ikuchepa. Pa kugawikana kochuluka chotero, selo limodzi lingalakwitse: kachidutswa ka chromosome 8 kamaduka nkukamatirira pa chromosome 14. Pa kachidutswako pali jini yotchedwa MYC imene imalamula selo kuti ligawikane, ndipo pa malo atsopanowo imakhala yoyaka usana ndi usiku. Ana ambiri amadwala malungo osafika pamenepa, ndiye chifukwa chake khansayi siili m'nyumba iliyonse. Imagwira kwambiri a zaka 4 mpaka 7, anyamata kuposa atsikana. Si ufiti, si matenda opatsirana, ndipo si kuti mayi analakwa kanthu.

Mwa khansa zonse za anthu, iyi ndi imodzi mwa zothamanga koposa. Maselo ake amatha kuwirikiza m'maola 24 mpaka 48. Liwiro lomwelo ndilo kufooka kwake, kaili mankhwala a khansa amapha maselo amene akugawikana. Ku Uganda kunalibe makina a radiotherapy, choncho Burkitt anapempha mankhwala aulere ku makampani, methotrexate ndi cyclophosphamide. Zimene anaona zinadabwitsa madokotala a ku America: nkhope yotupa ngati mpira kuphwa m'masabata awiri, ana ena kuchira ndi jekeseni imodzi kapena ziwiri. Masiku ano m'maiko olemera ana 9 mwa 10 amachira. Ku Queen Elizabeth Central Hospital mu Blantyre, gulu la Elizabeth Molyneux linaonetsa kuti ngakhale ndi mankhwala ochepa ndi otchipa pafupifupi theka la ana angachire.

Mbali yachiwiri ya mbiriyi inachitikira mu Lusaka, ndipo imatikhudza pafupi kwambiri.

Anne Bayley anali dokotala wa opaleshoni wa ku Britain amene anafika mu Zambia mu 1971 nakhala pulofesa pa UTH. Anali ndi kiliniki ya zotupa, ndipo Kaposi sarcoma anali kuidziwa ngati chikhatho chake. Khansayi inatchedwa ndi dzina la Moritz Kaposi amene anailongosola mu Vienna mu 1872. Chaka chilichonse Bayley anali kuona odwala pafupifupi 10, ambiri amuna, okhala ndi timibulu pa mapazi ndi miyendo yotupa. Inali khansa yaulesi, yomvera mankhwala, ndipo munthu anali kukhala nayo zaka zambiri.

Mu 1983 zinasintha. Chaka chimenecho anaona odwala 23. Khumi anali a mtundu wozolowereka. Ena 13 anali achilendo: achinyamata, ena akazi, oonda kwambiri, mwanabere wotupa mbali zonse ziwiri, ena obanika, ndipo ena ali ndi madontho ofiirira m'kamwa. Pa mapazi, pamene buku limati uyang'ane, nthawi zina panalibe kanthu. Mankhwala amene anali kugwira nchito kale analephera, ndipo chaka chisanathe 8 mwa 13 aja anali atamwalira. Bayley analemba zimenezi mu The Lancet mu 1984. Magazi atapimidwa ku Britain, chaka chotsatira, kunapezeka kuti pafupifupi onse a mtundu wachilendo anali ndi kachilombo kamene lero timati HIV, pamene ambiri a mtundu wakale analibe. Pa nthawi imene dziko linali kuganiza kuti Edzi ndi matenda a magulu ena a ku America, odwala a ku UTH anaonetsa kuti ili pakati pathu ndipo ikuyenda pakati pa amuna ndi akazi. Inali nkhani yosafunika kumva. Panapita zaka zina mpaka October 1987, pamene a Kenneth Kaunda anauza dziko kuti mwana wawo Masuzyo, amene anamwalira mu December 1986, anafa ndi Edzi.

Onani kufanana kwake. Burkitt ndi Bayley onse sanatulukire kanthu ndi makina. Anali kudziwa bwino mmene matenda amaonekera masiku onse, ndipo chitabwera chosiyana anakana kuchikankhira m'bokosi lakale. Kaposi nayenso anapezeka kuti ali ndi vairasi yakeyake, HHV-8, imene Yuan Chang ndi Patrick Moore anaipeza mu New York mu 1994, ndipo nayonso imadikira kuti chitetezo cha thupi chigwe.

Pulofesa Chifumbe Chintu, dokotala wa ana wa kuno kwathu, pamodzi ndi anzake anawerenga zolembedwa za mu labu ya UTH kuyambira 1980 mpaka 1992. Mu lipoti lawo la 1995 anapeza kuti Kaposi mwa ana anakwera kwambiri HIV itafika, pamene Burkitt lymphoma inatsika. Livingstone, tauni ya pa malire ndi ya alendo, inali pakati pa malo amene HIV inafala koposa mu Zambia, ndiye amene tinakulira m'makomboni muno m'zaka za m'ma 1990 madontho aja tinawaona pa achibale, ngakhale dzina lake sitinali kulidziwa. Kuyambira pamene ma ARV anakhala aulere m'zipatala za boma mu 2005 zinthu zasintha. Komabe kudenga kwa m'kamwa ndi pa nkhama ndi malo amene Kaposi amatha kuonekera poyamba, ngati banga lofiira kapena la papo losawawa. Munthu angakhale nalo miyezi osadziwa chifukwa palibe amene amayang'ana kumeneko.

Pa wailesi pamene ndimathandizira, tikatsegula mafoni pa pulogalamu ya zaumoyo, anthu amafunsa za shuga, BP ndi zilonda za m'mimba. Wofunsa za m'kamwa amafuna chabe kudziwa mtengo wozulira dzino.

Manje njira ili bwanji kwa munthu wa mu Nakatindi? Imayambira pa kiliniki, kumene amakulemberani kalata yopita ku chipatala chachikulu cha Livingstone. Dokotala angaganize ndi maso, X-ray ingaonetse fupa lodyeka kuzungulira mizu ya mano, sikani ingaonetse zotupa m'mimba. Koma chotsimikizira ndi biopsy, kudula kanyama kakang'ono kapena kukoka maselo ndi singano kuti akaone pa maikulosikopu. Ambiri amaopa kuti chotupa ukachigwira ndi mpeni chimakwiya. Chimene chimachitika nchakuti anthu amavomera biopsy mochedwa, matenda atafala kale, ndiye imfa ikabwera mlandu umagwera mpeni. Popanda biopsy dokotala sangasiyanitse Burkitt, Kaposi ndi khansa ya akulu ya pa lilime kapena pa mlomo imene imabwera ndi fodya ndi mowa, ndipo iliyonse ili ndi mankhwala ake.

Zikatsimikizika, ulendo ndi wa ku Lusaka. Cancer Diseases Hospital inatsegulidwa ndi a Levy Mwanawasa mu 2007. Isanamangidwe, ofunika radiotherapy anali kutumizidwa ku Zimbabwe kapena ku South Africa, ndipo amene anali kupitadi ndi ochepa. Koma Lusaka ili pa mtunda woposa makilomita 450 kuchokera kuno, ndipo mankhwala a khansa si a tsiku limodzi. Kafukufuku wina wofalitsidwa mu 2014 anatsatira ana 162 amene anafika ku UTH ndi khansa pakati pa 2008 ndi 2010. Pafupifupi theka anasiya chithandizo pakati kapena sanachiyambe nkomwe, ndipo ochokera kutali ndiwo anali kusiya kwambiri. Sindiwaweruza makolo amenewo. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Maramba akakhala mu wodi miyezi itatu, ana otsala kunyumba adya chiyani? Ndiye mukamva kuti a neba apatsidwa kalata ya ku Lusaka, ya basi ndi munthu wosunga ana otsala ndizo zimene zikufunika, kuposa malangizo a mizu.

Zizindikiro zake si zovuta kusunga. Kwa mwana: tsaya kapena nsagwada imene ikukula mooneka sabata ndi sabata, kawirikawiri popanda ululu wambiri, mano angapo oyandikana kugwedera pamodzi kuphatikizapo a kumbuyo amene nthawi yake yochoka sinakwane, diso kuyamba kutuluka, mimba kukula. Dzino likazulidwa, maantibayotiki nkumwedwa, koma kutupa osaphwa patapita masiku ochepa, musadikire tsiku limene anakulemberani pa kadi. Bwererani, ndipo funsani mwaulemu kuti, "Adokotala, kodi sichingafunike biopsy?" Kwa wamkulu: chilonda cha m'kamwa chimene chapitirira masabata atatu osapola, banga loyera kapena lofiira losachoka, kapena madontho a papo kudenga kwa m'kamwa. Tochi ya pa foni ndi galasi zikwanira kuti mudziyang'ane. Ndipo kalata imene mwapatsidwa pa kiliniki ijambuleni pa foni musanaipereke, pamodzi ndi nambala ya kanyama kamene katumizidwa ku labu, chifukwa ndiyo mudzafunsire zotsatira.